Madala anga mapazi achita dzanzi atamwa Flagyl nthawi yaitali, alipo zinamuonekerapo?

Mwana_wa_Ngabu:
Abale muli bwanji pa gulu pano. Ndithandizeni nzeru pa nkhani ya madala anga. Chiyambireni mvula ija akhala akuvutika m'mimba, kutsegula kwa apo ndi apo, nthawi zina chimbudzi chosakanikirana ndi zonanda komanso timagazi. Poyamba anapita kuchipatala anawapatsa Flagyl wa masiku ochepa ndipo zinaleka. Zitayambiranso sanabwerereko, akuti mzere umatopetsa, anangotuma mwana kukagula pa okala, nde basi chakhala chizolowezi, awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo, mwezi unadutsa kalekale. Pano akudandaula kuti mapazi achita dzanzi, akamayenda akumva ngati akuponda thonje, usiku akuyaka moto mpaka amawatulutsa kunja kwa neti. Dzulo patapata inavuka panjira iwo osadziwa, anapitiriza ulendo phazi limodzi lili pansi mpaka mdzukulu wawo anawathamangira nayo. Amayi akuti anaponda mankhwala kumunda poti pali mkangano wa malire. Ine ndikukaikira mapiritsiwa. Alipo zinamuonekerapo?

Kabaza_Nchalo:
Aaa Flagyl yemweyu? Ife takula naye ameneyu, m'mimba mukangolira timangoponya awiri basi. Imeneyo ndi shuga achimwene, kawayezetseni.

MaiAwiri:
Shuga ndithu. Apongozi anga anayamba chonchi, mapazi kutentha usiku, anakawapeza ndi shuga yokwera.

Mlamba77:
Kkkk koma za malire zo musazitaye msanga, kuno ku Makhanga zimachitika

Nesi_EastBank:
@Mwana_wa_Ngabu pepani ndi matenda. Ndilemba motalika, mundipirire.
Choyamba madalawo asiye kumwa mapiritsi ogulawo lero lomwe, ndipo mawa apite kuchipatala atanyamula buku lawo la kuchipatala ndi timapepala ta mapiritsi tonse tomwe tatsala, olo topanda kanthu. Amene akakawaone akamuuze zoona zenizeni, kuti akhala akumwa angati pa tsiku komanso kuyambira liti. Azibambo ambiri akalowa muja amabisa zogula pa okala poopa kukalipidwa, ndiye dokotala amayamba kufufuza kwina.
Flagyl dzina lake lenileni ndi metronidazole. Ndi mankhwala abwino kwambiri akagwira pa malo pake: amapha amiba amene amayambitsa kamwazi, amapha giardia yemwe amatupitsa m'mimba nkumageya zonunkha, amapha trichomonas kwa azimayi ndi amuna awo, komanso mabakiteriya ena a m'zilonda zakuya ndi m'mano. Koma dozi yake ndi yaifupi, masiku 5 kapena 7, ikatalika 10. Si mankhwala omwa mwezi. Akachuluka m'thupi amavulaza mitsempha yomwe imanyamula uthenga wa kumva kuchoka ku mapazi kupita ku ubongo, ndipo imayamba kuvulala ndi italiitali, nchifukwa chake zimayambira ku zala za kumapazi, mbali zonse ziwiri, nkumakwera pang'onopang'ono, kenako manja.
Madokotala anaona kuti chiopsezo chimakwera kwambiri munthu akadutsa magalamu 42 onse pamodzi, kapena akamwa kupitirira milungu 4. Tiyeni tiwerengere madala anu. Ngati ndi mapiritsi a 200mg, 6 pa tsiku ndi 1,200mg, ndiye pa masiku 35 afika kale pa magalamu 42. Akakhala a 250mg amafikapo pa masiku 28 okha. Mwati mwezi unadutsa kalekale, dziwerengereni nokha.
Sindikunena kuti shuga ayi, akayezedwe ndithu. Koma kukaikira kwanuko kuli ndi mutu.

Kabaza_Nchalo:
Koma a nesi inu nomwe mumatiuza pa wailesi kuti tizimaliza dozi, lero mukuti asiye. Tigwire ziti?

Nesi_EastBank:
Dozi yomwe mwalemberedwa imalizeni. Ya madalawa inatha kale ulendo woyamba uja, izi zinazi palibe anawalembera. Komanso ngakhale dozi yolemberedwa, ukayamba dzanzi, kudzandira, kapena lilime kulemera, suchita kulimbikira, umasiya nkubwerera kwa amene anakupatsa tsiku lomwelo akusinthire.

Mphunzitsi_Bangula:
Ine zinandichitikira koma zanga sizinali za mapazi. Anandipeza ndi chotupa cha mafinya m'chiwindi, akuti amiba, ndiye ndinali pa Flagyl wa dilipi kenako mapiritsi kwa nthawi ndithu. Chakumapeto ndinayamba kudzandira, kuyenda kuchoka pa desiki kupita pa bolodi ndimachita kugwira khoma, choko ndikalozetsa pamwamba dzanja limapita pambali, zilembo zokhotakhota ana mpaka kumanong'onezana. Mawu nawo amatuluka olemera. Mphekesera inafika mpaka ku komiti ya sukulu kuti aphunzitsi ayamba kubwera ataledzera, ine chibadwire mowa sindinaulawepo. Mkazi wanga ndi amene anaumirira kuti tibwerere. A kiliniki ofisa atangomva mankhwala omwe ndimamwa anandiuza ndigunde chala changa pa mphuno kenako pa chala chawo, ndimaphonya, anandiyendetsa pa mzere wa simenti phazi kutsogolo kwa linzake, ndinalephera. Anandisiyitsa pomwepo. Pasanathe milungu iwiri ndinali bwinobwino. Koma mbiri ya uchidakwa ija ndi imene inachedwa kuchira kkkk

Nesi_EastBank:
Eya aphunzitsi, mbali inayo ndi imeneyo. Mankhwalawa amalowa mu ubongo mosavuta, ndipo akachuluka amakonda kugwira kachigawo ka kunkhongo komwe kamaongolera kayendedwe ndi kayankhulidwe. Ena amasokonezeka mutu, ena mpaka kukomoka ngati khunyu, koma zimenezo ndi za apo ndi apo kwambiri. Chosangalatsa nchakuti za mu ubongozi nthawi zambiri zimatha msanga munthu akasiya, masiku kapena milungu yochepa. Za mapazi ndi zomwe zimakakamira, miyezi, ndipo ena dzanzi lake silitheratu. Amene chiwindi chawo chili chofooka ndiye ali pa chiopsezo chachikulu poti ndi chiwindi chomwe chimaphwanya mankhwalawa, chikafooka amangounjikana m'magazi. Kwathu kuno ziwindi zofooka nzambiri, kachasu uyu, likodzo la m'matumbo ili.
Koma chonde, munthu akayamba mwadzidzidzi kulemera lilime, pakamwa kupotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka, musakhale pansi nkumati ndi Flagyl. Itha kukhala sitiroko. Thamangani naye.

Mlamba77:
Kumwa Flagyl ndi kachasu nde musayerekeze. Mnzathu wina wa ku dambo anachita, anasanza mpaka tinaganiza kuti watisiya, nkhope psuu mtima uli gugugu

Chikwawa_Boy:
Kkkkk ameneyo anaphunzira. Koma akuti umadikira masiku angati ukamaliza? Ndikufunsira mnzanga

MaiAwiri:
Mnzanu uti, ndinu nomwe kkkk

WaFamase_Dyeratu:
@Chikwawa_Boy muuzeni mnzanuyo kuti nthawi yonse ya dozi osakhudza, ndipo akamaliza adikire masiku osachepera 2, ena amati 3. Masese, chibuku, kachasu, wa m'botolo, zonse ndi chimodzimodzi.
Ine ndiyankhepo pa za okala. Flagyl si panado, malamulo salola kuti azigulitsidwa pa benchi limodzi ndi sopo ndi machesi. Bungwe loona za mankhwala la PMRA limanena kawirikawiri koma pitani pa msika uliwonse tsiku la msika mukawapeza atayalidwa padzuwa la kuno lomwe ngakhale munthu sapirira, ena osadziwika ndi komwe achokera. Ndipo chomwe chimandiwawa nchakuti kutsegula m'mimba kwambiri komwe anthu amamwera Flagyl sikumufuna nkomwe. Kwa ana nthawi zambiri ndi mavairasi, chofunika ndi Thanzi ORS ndi zinc. Kolera naye samva Flagyl, nthawi ya mliri wa 2022 mpaka 2023 uja anthu amataya maola akumwa Flagyl kunyumba pomwe thupi likutha madzi. Njoka za m'mimba nazo sizifa ndi Flagyl, zimafuna albendazole.

Kabaza_Nchalo:
Inu a famase mukungoteteza bizinesi yanu apa. Munthu ali ku Chapananga mkati, mvula yagwa Mwanza wadzaza, apite kuti? Ndipo ukavutika nkufika kuchipatala amakuuza kuti mankhwala atha kagule. Ndiye kusiyana kwake kuli pati?

WaFamase_Dyeratu:
Kusiyana kulipo akulu. Akakuuza kagule amakhala akulembera dzina la mankhwala, angati, masiku angati. Wa pa okala amakufunsa kuti muli ndi zingati.

Kabaza_Nchalo:
Apo nde mwanena zoona kkk koma za mtunda zo sindikubweza

Gogo_wa_Nsanje:
Ana inu vuto ndi madzi. Ife mjigo wathu madzi ake ndi a mchere, nyemba sizipsa, tiyi sakoma, ndiye anthu amathawira ku mtsinje. Chichokereni namondwe wa Freddy mu 2023 zimbudzi zambiri zinagwa ndipo ena sanakumbenso mpaka lero. Munthu umwa mankhwala uchira, mawa ukamwanso madzi omwewo. Ndiye azimwa mpaka liti?

Mlamba77:
Zoona agogo. Ife ku dambo tikakhala masiku tikuwedza timamwa omwewo a mu Shire, nkhuni zophitsira uzitenga kuti pa bwato

MaiAwiri:
Klorini uja a zaumoyo amagawa bwanji? Kwathu amabwera naye mu chigubu

Nesi_EastBank:
Klorini ndi WaterGuard zimathandiza kwambiri makamaka pa kolera, pitirizani. Kungoti amiba ndi giardia ali ndi chikhungwa cholimba, klorini wa mulingo wa kunyumba sawapha onse bwinobwino. Kuphitsa mpaka abwadamuke ndiye kotsimikizika.

Chikwawa_Boy:
Nanga mjigo wa ku sukulu kwathu unaonongeka chaka chatha, ndalama tinasonkha, komiti ili zii. Alipo akudziwa komwe tingakadandaule?

Admin_Chigwa:
Achimwene za mjigo tsegulani nkhani yake payokha tikambirane bwino. Pano tithandize kaye a Mwana_wa_Ngabu.

Mbewe_wa_Thabwa:
Ndifunse mopanda manyazi poti tonse ndife akuluakulu. Madalawo sakumwa ma ARV kapena mankhwala a TB? Musayankhe pagulu ngati simukufuna, ingokanenani kuchipatalako. Ndikufunsa chifukwa ife amene tinayamba kale timakumbukira ma ARV a Triomune, munali stavudine muja, mapazi amayaka moto chimodzimodzi mmene mukufotokozeramu, masaya kulowa. Boma linatisinthira ku 5A cha m'ma 2013, uyo naye anali ndi zake, maloto oopsa ndi chizungulire masiku oyamba, mpaka anabweretsa a dolutegravir tikumwa panowa. Isoniazid wa TB nayenso amachititsa dzanzi, nchifukwa chake amapereka limodzi ndi kapiritsi ka pyridoxine, vitamini B6. Ena amakataya kuti ndi kosafunika. Tsono munthu akaphatikiza zimenezi ndi Flagyl wa mwezi wathunthu mitsempha imamenyedwa mbali ziwiri.

Mwana_wa_Ngabu:
Zikomo a Mbewe. TB ayi. Zinazo sindikudziwa poti madala sakamba, koma ndiwauza akayezetse zonse. Mowa okha amamwa, ngakhale masiku ano anachepetsa akuti ukuwadwalitsa.

Mlamba77:
Ukuwadwalitsa chifukwa cha Flagyl yo kkkk thupi linawauza kale

Mai_Mvano:
Ine ndingoti osaiwala mapemphero. Ndipo zomwe akunena amayi anu musazipeputse, anthu ndi oipa pa nkhani ya minda. Mlamu wanga anatupa mwendo atangolima malire, kuchipatala sanapeze kanthu.

Mphunzitsi_Bangula:
Mayi mapemphero tipemphera ndithu, koma mapiritsi asiye kaye. Kuopsa kwa nkhani ya kuponda mankhwala nkoti atenga madalawo kupita nawo kwa sing'anga, akawatema mphini m'mapazi osamva kuwawawo, zilonda zikayamba, kwinaku Flagyl akupitiriza poti palibe wamukaikira. Komanso mudana ndi aneba pa chinthu chogula nokha pa okala.

Mai_Mvano:
Sindinati apite kwa sing'anga ine aphunzitsi, musandiike mawu mkamwa

Gogo_wa_Nsanje:
Mwendo wotupa wa alamu anuwo mwina unali mntchofu. Kuno kunali kwambiri kale, ndi phudzi kwa azibambo. Amatigawira mapiritsi khomo ndi khomo chaka ndi chaka atatiyeza pa ndodo. Amenewo ena ankati amazunguza mutu, ine sanandichite kanthu.

Nesi_EastBank:
Amenewo anali ivermectin ndi albendazole agogo. Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma omwe mntchofu unali wochuluka zedi, ndipo kugawa kuja kunagwira ntchito, mu 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti Malawi wathana nawo ngati vuto la dziko. Chizungulire, kuyabwa ndi kutentha thupi pang'ono zimachitika, makamaka kwa amene anali ndi tizilombo tambiri, poti tikamafa thupi limalimbana nato. Nkhani zoopsa zomwe mwina munamva zoti ivermectin anakomola anthu nza ku Cameroon ndi ku DRC, komwe kuli nyongolotsi ina yotchedwa Loa loa, munthu akakhala nayo yambiri m'magazi mankhwalawa amatha kumuvulaza ubongo. Kuno kulibe imeneyo.

MaiAwiri:
Nanga a likodzo omwe amapereka ku sukulu aja? Mwana wanga chaka china anabwera ali wefuwefu, mutu, chizungulire, kusanza, anagona tsiku lonse. Chaka chotsatira ndinamuletsa ine.

Mphunzitsi_Bangula:
Anadya asanamwe? Ife timalengeza kuti ana abwere atadya koma mwezi wa njala mwana amangoti ndadya pomwe m'mimba muli madzi okha. Omwe amagwa pa mzere ambiri ndi amenewo. Sukulu zomwe zili ndi phala timayamba tawamwetsa phala kaye, kusiyana kwake kumaoneka ndi maso.

MaiAwiri:
Anangomwa tiyi wopanda kanthu tsiku limenelo, sindinama

Nesi_EastBank:
Ndi praziquantel ameneyo, mulingo wake ndi 40mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ku sukulu amayeza ndi ndodo ya msinkhu. Ndi owawa, akuluakulu, ndipo pa njala amazunguza. Koma zimatha tsiku lomwelo kapena mawa lake, pomwe likodzo likakhala zaka limaononga chikhodzodzo ndi chiwindi. Musamuletse mwana amene amasamba m'ngalande ndi m'mathamanda, ingomudyetsani nsima kapena mbatata yokwanira. Amene ayenera kusamala ndi mwana kapena wamkulu yemwe amagwa khunyu, kapena amadwala mutu waukulu wosatha. Ameneyo asamwe pa mzere, aonedwe kaye kuchipatala. Chifukwa chake nchakuti pali njoka ya m'mimba yochokera ku nkhumba zamasese yomwe mazira ake akalowa mwa munthu amatha kukamanga timatumba mu ubongo, ndiye praziquantel akatipha malo aja amatupa munthu nkuyamba kugwa.

Kabaza_Nchalo:
Eee ndiye mankhwala onse ndi oopsa bwanji. Kwinini wa malungo naye ankatigonthetsa makutu, umangomva nkhungululu zikulira m'mutu sabata yonse. Bola LA

WaFamase_Dyeratu:
Kwinini analiza makutu a anthu ambiri koma anapulumutsanso ambiri. LA tinayamba mu 2007. Palibe mankhwala opanda zake akulu, nkhani ndi mulingo ndi masiku. Za Flagyl zomwe siziopsa ndi kukoma kwa chitsulo mkamwa, nseru, mkodzo kuda ngati tiyi. Zimenezo pirira umalize. Zoti usiye nkubwerera ndi dzanzi kapena kubayabaya m'mapazi ndi m'manja, kudzandira, mawu kulemera, kuona zinthu ziwiriziwiri, kusokonezeka, kukomoka.

Mtsikana_wa_Fatima:
Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi yandikhudza. Azimayi ambiri timamwa Flagyl mobwerezabwereza chifukwa cha kuyabwa ndi chikazi chonunkha, ena mwezi uliwonse akangomaliza kusamba, timauzana tokha ku mjigo. Anzanga, ngati zikubwererabwerera mwina abambo kunyumba sanalandire nawo mankhwala ndiye mukungopatsirana, kapena ndi mauka a fangasi omwe Flagyl sawagwira olo mumwe chidebe. Pitani nonse awiri.

Chikwawa_Boy:
Nonse awiri pa mzere umenewo? Ngabu yonse idziwa pofika madzulo kkkk

Mtsikana_wa_Fatima:
Nde muzingoyabwa ndi ulemu wanuwo

Mwana_wa_Ngabu:
Abale ndabwera ndi ripoti. Madala tinapita nawo, anavuta koma malume anawakalipira mpaka anakwera njinga. Timapepala ndinatolera pansi pa mphasa tinadzaza kajumbo, a dokotala atationa anangogwira pakamwa. Shuga ili bwino, magazi enawo ali bwino. Anawagwiragwira mapazi ndi kaulusi atatsinzina, mpaka mu akakolo samamva. Awaletsa Flagyl, awapatsa mavitamini ndi timapiritsi tina tomwa usiku tochepetsa kuyakako, ati tibwerere pakatha mwezi. Koma chodabwitsa ndi ichi, ku labu chimbudzi sanapezemo amiba, apezamo mazira a likodzo la m'matumbo. Ndiye nthawi yonseyi amamwera matenda omwe alibe. Awapatsa praziquantel. Tathokoza nonse, makamaka a nesi.

Mai_Mvano:
Ambuye alemekezeke. Koma za malire zo mukakhalebe pansi kwa amfumu zithe

Kabaza_Nchalo:
Shuga yanga ija yagwa kkkk. Koma likodzo mesa ndi la ana, lokodza magazi? Madala alitenga kuti?

Mlamba77:
Aliyense wolowa m'madzi akulu. Ife asodzi, olima mpunga, amayi ochapa, okumba nyika ku dambo nthawi ya njala

Nesi_EastBank:
Lilipo la mitundu iwiri a Kabaza, la m'chikhodzodzo lokodzetsa magazi ndi la m'matumbo lomwe limaonekera ku chimbudzi nkumaononga chiwindi mwakachetechete.
@Mwana_wa_Ngabu mwachita bwino. Mapaziwo musayembekeze kuti achira sabata ino, mitsempha imachira mochedwa, ndipo masiku oyamba kuyaka kutha kukhalapobe ngakhale asiya, asaganize kuti ndiye abwerere ku mapiritsi aja. Pakadali pano phazi losamva ndi losavuta kuvulala. Asayende opanda nsapato pa mchenga wa masana, apeze zomanga kumbuyo osati patapata, asaothe moto mapazi ali pafupi ndi mbaula, madzi osamba aziyesa ndi chigongono. Madzulo aliwonse wina aziwayang'ana kuphazi ndi pakati pa zala ngati mwalowa minga. Mowa aiwale kaye. Timagazi m'chimbudzi tikapitirira atamwa praziquantel abwererenso msanga osadikira mwezi, pa msinkhu wawo pali zina zofunika kufufuza.

Mwana_wa_Ngabu:
Ndamva. Praziquantel yo sanamwebe, akuti amwa mawa m'mawa kenako apalase kupita kudimba

Nesi_EastBank:
Ayi, amwe madzulo atadya nsima yokhuta kenako agone. Njinga ndi kudimba adikire mpaka chizungulire chithe, mapazi osamva kuphatikiza chizungulire angakagwere m'ngalande.